Galimoto ya a Kwezani

Okutobala akafika ku Pretoria, mitengo ya jakaranda imathira maluwa m'misewu, dzuwa limaotcha m'mawa wonse, ndipo chakumasana mitambo imaunjikana ngati anthu obwera kumlandu. Nyengo imeneyi imafuna zambiri. Ogwira ntchito m'maluwa amachotsa zinyalala m'ngalande za madenga, amayi amaanula zovala zisanaume, eni magalimoto amathamangira pansi pa denga lililonse kuopa matalala. Koma kwa malemu a Grain Alufandika, nyengoyi inkafuna chinthu chimodzi chokha: njerwa.

Dzina la Grain linali la pa chiphaso basi. Ku Pretoria West konse, kuyambira Amalawi a kutchalitchi mpaka Apedi, eni dziko, ootcha nyama pakona, ankawadziwa kuti a Kwezani. Anali munthu wamfupi, wa ku Chikwawa, wogwira ntchito m'maluwa kwa mzungu wina ku Brooklyn, dera la olemera mu Pretoria momwemo, ndipo sankapirira kuona chinthu chili pansi. Wailesi yawo inkakhala pa njerwa. Nsapato zinkagona pa njerwa. Bedi linakwera chaka ndi chaka, mpaka akazi awo, mayi Emmie, ankachita kupondera pa ndowa kuti akagone. Mayi wina wachipedi woyandikana nawo atasuzumira m'chipindamo anagwedeza mutu moyamikira, n'kunena kuti akuthawa tokoloshe, kamunthu kafupi kamene anthu a ku Joni amati kamakwera pabedi la ogona. A Kwezani anamuyankha kuti anthu ofupika kuposa iwo ndi ochepa padziko, ndiye mmodzi akapezeka sangamuthawe, angamupatse mpando. Chimene iwo ankaopa chinali madzi.

Ku Brooklyn anakweza kanyumba ka galu wa madamu. Galuyo anali wa miyendo yaifupi, thupi lalitali ngati soseji, ndipo anagona panja akulira mpaka a Kwezani anamumangira masitepe.

Amene ankavutika nawo kwambiri anali Elton, makaniko wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito pagalaja ina pafupi ndi njanji. A Kwezani ankadutsa pamenepo poweruka. Akapeza bokosi la masipanala a Elton lili pansi, ankalinyamula osalankhula, kulikhazika pa njerwa ziwiri, ndiye kenako kupereka moni. Elton ankadikira kuti achoke, n'kulitsitsa, njerwazo n'kuzikankhira kukhoma ndi phazi. Anachita zimenezi zaka zambiri popanda wotopa.

"Inu a kumapiri," ankatero a Kwezani, "madzi mumawadziwa ngati mlendo wodutsa. Ife kwathu amabwera ndi katundu wawo, n'kugona."

Akatero ndiye kuti nkhani ya Chidyambuzi yayamba. Chidyambuzi kanali kamtsinje ka kwawo, kodula mudzi wawo ku msewu wa kuchipatala. Elton ataimva koyamba nkhaniyo, madzi ankalekeza m'mawondo. Patapita Khirisimasi imodzi anali m'chiuno. Pofika chaka chimene anthu ankati makompyuta onse afa, madzi anali atafika m'khosi, ndipo ng'ombe zinkadutsa zikuyandama chagada, nkhuku zitakwera pamimba. Elton ankangonena kuti khosi la a Kwezani silili patali kwenikweni ndi nthaka, anthu n'kuseka, eni akenso n'kuseka.

Koma m'nkhaniyo munali gawo limodzi limene silinkakula. Chaka china mwezi wa Febuluwale mayi awo anadwala. Anawanyamula pa chitseko mpaka pagombe. Galimoto ya kumishoni inafika tsidya lina, dalaivala anatsika, anayesa madzi ndi ndodo, anayang'ana galimoto yake yaifupi ija, n'kubwerera. Mayiwo anamwalira pachitseko pomwepo, madzi asanaphwe. Apa a Kwezani ankanena mawu omwewo nthawi zonse, osawonjezera, n'kumaliza ndi lonjezo lawo: tsiku lina adzapita kwawo ndi galimoto yaitali, ikakhale kwa mlongo wawo Taziona, tsidya la mudzi, kudikira mvula.

Galimotoyo inabwera yokha. Madamu wa ku Brooklyn atasamukira kwa ana ake kunja, anawasiyira chigalimoto chakale cha mwamuna wake, chija chokoka ndi matayala onse anayi, chimene a Kwezani anakhala akuchitsuka Loweruka lililonse. Analowa nacho pagalaja pa Elton pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, kumbuyo atadzaza njerwa.

Elton anazungulira galimotoyo, anasuzumira kumbuyoko, n'kufunsa ngati akumanga nyumba. A Kwezani anati ayi, akufuna aikweze.

Zinatenga masana onse kuti amvane. Elton anawagoneka pa katoni pansi pa galimoto n'kuwaonetsa kuti galimoto yamtunduwu ndi zinthu ziwiri. Pansi pali chasisi, mafupa achitsulo onyamula injini ndi matayala. Pamwamba pali bodi, nyumba yokhalamo anthu, yongokhazikidwa n'kumangidwa ndi mabawuti. Kukweza bodi ndiko kumasula mabawutiwo, kuinyamula pang'ono, kulowetsa mabuloko olimba pakati, n'kumanganso ndi mabawuti aatali. Mabulokowo sanali njerwa. Anali a pulasitiki wolimba, ozungulira ngati zitini za jamu, ogula m'sitolo.

A Kwezani anakondwa. Anati zimenezi n'zofanana ndi kukweza denga la nkhokwe, ndipo anapempha kuti bodi ikwere mkono wathunthu. Elton anati chikhatho chimodzi. Anakambirana ngati ankhoswe. A Kwezani anatsika kufika pa theka la mkono, Elton sanasunthe, anati ikapitirira apo idzagubuduka pokhota, odwala ndi owadwazika omwe. Anawachenjezanso kuti kukweza bodi sikukweza mimba ya galimoto, kumangopereka malo oti matayala aakulu alowe. Koma mawu amenewa anapita ndi mphepo, chifukwa a Kwezani anali atayamba kale kuwerenga pa zala amuna amene adzawaitane.

Mwini galaja anavomera kuti agwiritse ntchito bwalo la kuseri Loweruka masana. Elton anafika ndi jeke, matabwa ndi bokosi lake. A Kwezani anafika ndi amuna onse a kwaya, motsogozedwa ndi a Phillip, dikoni wonenepa wa mawu a besi, ndipo kumbuyo kwawo kunali mayi Emmie ndi ndowa ya thobwa, monga zimakhalira pa dima. Denga la nkhokwe silikwezedwa ndi munthu mmodzi, anatero a Kwezani, ndiponso silikwezedwa popanda nyimbo.

Amunawo anadikira nthawi yaitali, chifukwa ntchito yambiri inali yosaoneka. Elton anatsekera matayala ndi miyala, anachotsa waya wa batire, anagwetsa mabampala. Anamasula chitsulo cholumikiza chiwongolero, anamasula timapaipi ta mabuleki m'zogwirira zake kuti tisaduke, anachotsa chotchingira fani. Chilichonse chimene mutu wake unali ku bodi, mchira ku chasisi, anachipatsa mpata. Mabawuti ena anali atadya dzimbiri la zaka zambiri, ankalira ngati nkhumba powapotokola. A kwaya anamwa thobwa, anapereka malangizo, anamwanso thobwa.

Mabawuti a mbali imodzi atatuluka, a mbali inayo atangomasulidwa pang'ono kuti bodi isaterereke, a Kwezani anaimika amuna awo m'mbali mwa galimoto, zala pansi pa zitseko. Anayambitsa nyimbo yonyamulira. Amuna anavomera, anapinda mawondo, anakoka. Galimoto sinamve kanthu. Nyimbo inafera pa mzere woyamba, ndipo m'kachetechete ameneyo munamveka kung'ambika kwa buluku la a Phillip, kuyambira lamba mpaka kumene msoko unathera.

Mayi Emmie anapereka chitenje chawo osayang'ana.

Elton anaika thabwa pansi pa bodi, anakankhira jeke, n'kuyamba kupopa ndi dzanja limodzi. Bodi inayamba kunyamuka. A Kwezani ataona zimenezo anayambitsanso nyimbo mofulumira, moyenderana ndi dzanja la Elton, amuna n'kugwiranso pansi pa zitseko, a Phillip ali m'chitenje. Mpaka lero a kwaya imeneyo amanena kuti galimoto ya a Kwezani anainyamula ndi manja, makaniko ankangothandizira.

Mabuloko analowa limodzilimodzi, mbali iyi kenako mbali inayo. Elton sanamange bawuti iliyonse mpaka onse atapeza mabowo awo, ndiye anazungulira kumanga. Anawonjezera chitsulo cha chiwongolero, anatsitsa ladiyeta kuti ikumanenso ndi fani, anaika paipi yaitali yothirira mafuta. Dzuwa likupendeka, galimoto inaima pabwalopo itatalika, ikuoneka ngati mnyamata amene wakula mwadzidzidzi, buluku n'kumufupikira.

Mwini wake anatsegula chitseko, anakweza mwendo, ndipo mwendowo sunafike.

Anayesa ndi mwendo winawo. Anayesa mothamangira. A Phillip anadzipereka kuti awanyamule, iwo anakana, anati munthu sanyamulidwa polowa m'nyumba yake. Mapeto ake anatenga kileti ya zakumwa, anapondapo, analowa. Atakhala pampando anazindikira kuti kiletiyo yatsala pansi. Mayi Emmie ndi amene anamasula chingwe cha pa ndowa ya thobwa, anamangirira kiletiyo, n'kuwapatsa nsonga. Kuyambira tsikulo, aliyense ku Pretoria West ankadziwa kanyamukidwe ka a Kwezani: kuponda, kukhala, kuwedza kileti, kutseka chitseko.

Panalinso giya. Ndodo ya giya imamera pa chasisi, ndiye bodi itakwera, ndodoyo inamira, kunangotsala kamutu. A Kwezani ankasintha giya atawerama, mkono wonse pansi, ngati munthu wopisa dzanja kuuna wa mbewa, ndipo oyenda mumsewu ankaona galimoto yaitali ikubwera yopanda dalaivala. Elton anawotcherera chitsulo china Loweruka lotsatira.

Tsiku lomwelo a Kwezani anakwawira pansi pa galimoto kuti akaone ntchito yonse ndi maso awo. Anakhalako nthawi. Atatuluka nkhope inali itagwa. Anapeza kuti difu, chibuthu chachitsulo chija cha pakati pa matayala, chili pomwe chinali kale, sichinakwere ngakhale chala chimodzi.

"Ndinakuuzani, Abambo," anatero Elton mofatsa. "Mimba ili pomwe inali. Amene mwakwera ndinu."

A Kwezani anasasa fumbi m'mawondo, anayang'ana mpando wakumbuyo, umene tsopano unali pamwamba pa chifuwa chawo.

"Nanga wodwala amagona kumimba?" anafunsa. "Amagona apa. Apa pauma. Kwatsala matayala."

Asanaganize za matayala, kunabwera matalala. Anagwa Lamlungu lina masana, aakulu ngati masawu. A Kwezani anathamangitsa galimoto kuti ailowetse pansi pa kadenga ka malata ka pakhomo pawo, pamene inkagona kale, koma denga la galimoto linagunda mtanda. Sinalinso ya msinkhu umenewo. Anthu a m'nyumba zoyandikana anaona mayi Emmie ndi mwana wawo Tisungeni akutuluka ndi mabulangete, makatani ndi matiresi a pabedi lalitali lija, kufunditsa galimoto, a Kwezani ali pamwamba pake atatambasula manja, beseni kumutu. Banja lonse linagona pa makatoni sabata imeneyo. Loweruka lake amuna a kwaya anabweranso, ndipo ulendo uno nyimbo inagwira ntchito: ananyamula kadengako ndi manja, nsanamira iliyonse n'kuikhazika pa njerwa.

Matayala aakulu anali okwera mtengo kwa munthu wa m'maluwa. A Kwezani ankagula limodzi Khirisimasi ikawakomera, n'kulisunga m'chipinda, pa njerwa, litafunda nsalu. Chaka china Khirisimasi sinkawakomera: kunali fizi ya Tisungeni, kunali maliro, kunali ukwati wa Tisungeni yemweyo. Ulendo wa kumudzi unkakhala wa Disembala wa chaka chamawa. Podikira, galimotoyo sinagone. Inanyamula akwati, inanyamula amayi oyembekezera, inkapita ku Hammanskraal ndi zigubu za madzi abwino kwa Amalawi a kumeneko. Elton ankati n'zodabwitsa kuti munthu wothawa madzi moyo wake wonse wasanduka wowanyamula pamsana. A Kwezani ankati madzi a m'chigubu ndi mkaidi, alibe mlandu.

Matayala atakwana atatu, kunabwera chisanu cha Julayi, chija chouma chimene chimayeretsa udzu m'mawa. A Kwezani anayamba kutsokomola, chifuwa chinalimba. Elton ndiye anayendetsa galimoto popita kuchipatala. Pokwera anafuna kuwanyamula, iwo anakana, anaponda kileti yawo, anapumira pachitseko, n'kuwedza okha.

Elton atapita kukawaona patapita masiku, anawapeza ali pamwamba kuposa odwala onse m'chipindamo. Namwino wina anali atalakwitsa n'kuwaonetsa chopukusira cha bedi. A Kwezani anali ataonda, mawu akutuluka movutikira, koma maso ankaseka.

"A Elton, bedi ili analipanga munthu wa kwathu," anatero. Anapuma kaye. "Tayala lija latsala limodzi."

Elton anati akudziwa.

Anamwalira sabata yomweyo, bedi lili pamwamba.

Thupi linapita kumudzi pa ngolo yokokedwa ndi galimoto ya bungwe la maliro la Amalawi, monga zimachitikira, ndipo Elton anali mmodzi wa operekeza. Anadutsa malire, anatsika mapiri, analowa m'chigwa chotentha. Dalaivala ataima n'kunena kuti apa ndiye pa Chidyambuzi, Elton anatsika kuti aone. Panali mchenga wokhawokha. Mbuzi zinkayenda pakati pake, ana ankakumba kachitsime ndi mbale. Anatsala pang'ono kuseka, poganiza zimene akanawauza a Kwezani.

Kenako anakweza maso. Mu mtengo wa mtondo wa pagombepo, pamwamba poti iye sakanafika ngakhale atatambasula mkono, munali mutakodwa udzu wouma, mapesi a chimanga ndi nsanza ya chitenje, zonse zitaweramira mbali imodzi. Mayi wina wamfupi amene anabwera kudzalandira maliro anaona kumene akuyang'ana, anati pamenepo ndi pamene panafika madzi a Febuluwale wapitayu. Anali a Taziona. M'mudzimo Elton anaona makola a mbuzi ali pa nsanamira, mitondo ndi madengu zili pa thandala, mbewu zitapachikidwa kudenga. Panalibe amene ankaziona zachilendo.

Atatha kuika maliro, a Taziona anamuitanira pambali. Anati achimwene awo ankanena za makaniko wa ku Ntcheu wosamva. Kenako anafunsa ngati galimoto ija inalikodi, kapena inali nkhani chabe ngati zina zija.

"Iliko, Amayi," anatero Elton. "Ndi yaitali."

Atabwerera ku Joni anapeza kuti a Kassimu, ogula ndi kugulitsa magalimoto akale, afika kale kawiri kwa mayi Emmie. Mayiwo anali ataganiza zobwerera kumudzi, ndipo galimotoyo ikanawathandiza poyambira moyo wina. Anamuitana Elton, anakhala naye pansi pa kadenga kaja, n'kumufunsa kuti awauze zoona, osawanyengerera chifukwa cha malemu: kodi galimotoyo ingawolokedi Chidyambuzi?

Elton anati madzi akafika mu mtengo muja palibe galimoto ingawoloke, ngakhale ya asilikali. Koma akatsika kufika m'ntchafu, monga tsiku limene ya kumishoni inabwerera, iyi ingawoloke, ikapeza matayala ake ndiponso paipi yopumira injini ikakwezedwa. Mayi Emmie anayang'ana njerwa za pansi pa nsanamira. Kenako anati a Kassimu akabweranso auzidwe kuti galimoto ili ndi mwini wake, akudikira ku Chikwawa.

Tayala lachinayi anagula a kwaya. A Phillip analigubuduza okha kuchokera kusitolo mpaka pagalaja. Elton anamanga onse anayi, anakweza paipi yopumira m'mbali mwa galasi mpaka kudenga, anayesa kagiya kakang'ono ka m'matope pa mulu wa mchenga kuseri kwa njanji. Atakwawira pansi anapeza kuti difu yakwera. A Kwezani oti awauze panalibenso.

Galimoto inanyamuka jakaranda atayamba kuthothoka, kuti ikafike mvula isanatseke njira. Ankayendetsa ndi Andy, mwamuna wa Tisungeni. Mayi Emmie anaponda kileti, anakhala, anawedza, anatseka chitseko.

Pretoria West inatsala yaifupi. Kadenga kaja kakadali pa njerwa zake, ndipo wolowa m'nyumbamo tsopano amaimikapo kagalimoto kakang'ono kamene kamaoneka ngati mwana wovala jekete la bambo ake. A kwaya akamaimba pamaliro, pamakhala malo ena kutsogolo pamene mzere umadumpha, poti palibe wamfupi woti aimepo. Madzulo anthu akamaweruka, Elton amapezeka atayang'ana kuchipata popanda chifukwa, ndipo palibe amene amamutchulanso wa kumapiri.

Tsiku lomwe galimoto inanyamuka, mitambo inaunjikana chakumasana monga mwa nthawi yake. Mphepo inauluza maluwa kulowa nawo m'galaja, madontho oyamba anagunda malata. Elton anatseka mawindo a galimoto imene ankakonza. Kenako anapita kukhoma, anatenga njerwa ziwiri zija, anaziyala pansi moyandikana, ananyamula bokosi la masipanala, n'kulikhazika pamwamba.